Ndinakumba Munda wa Mlongo Wanga Posaka Tini

Ndine munthu amene ndinawononga munda wa mpunga wa mlongo wanga ndi manja angawa, masana dzuwa likuswa mtengo, ndisanalawe mowa ngakhale dontho. Ndayamba ndi mawu amenewa kuti inu owerenga musandimvere chisoni msanga. Palibe anandinyenga, palibe anandilodza. Chinandigwetsa n'kudziwa chinthu theka, n'kumayenda ngati ndachidziwa chonse.

Kwathu ndi kumpoto kwa boma la Nkhotakota, panjira ya ku Dwangwa, pamene kamtsinje kena kamathira m'nyanja. Ndili mnyamata ndinapita ku Rodeshiya monga ankachitira anzanga ambiri, ndipo ndinatchona zaka khumi ndi chimodzi pa mgodi wa tini. Kwa inu amene simumudziwa, tini ndi chitsulo choyera, chofewa, chija amakutira zitini kuti zisachite dzimbiri, chomwenso okhoma ndowa amasungunula akamamata pobooka. Akakhala m'nthaka saoneka woyera ayi. Amakhala timiyala takuda, tolemera kuposa mchenga wamba. Ntchito yanga inali yotsuka. Makina akaphwanya miyala, ife tinkaima pa matebulo ogwedera pamene madzi ankakokolola mchenga wopepuka, zakuda zolemerazo n'kutsalira m'mphepete. Ine ndinkazikokera m'migolo, ena n'kuzitengera ku shedi ina kumene sindinapondeko ngakhale tsiku limodzi. Zaka zonsezo maso anga anaphunzira chinthu chimodzi basi, chakuti chakuda cholemera ndi chuma.

Ndinabwerera kumudzi makwacha atangolowa m'malo mwa mapaundi, ndili ndi njinga, wayilesi, jekete ndi Chingerezi cha kumgodi chimene ndinkachiwaza paliponse, ngakhale polankhula ndi nkhuku. Ndinapeza amayi anamwalira, amalume nawonso anatsikira kuli chete. Amene anatsala ndi mlongo wanga Nachisale, wamng'ono kwa ine, wamasiye, ali ndi ana anayi. Kwathu munda umatsata akazi, choncho dambo la mpunga limene amayi ankalima linali m'manja mwake. Ine monga mchimwene wake wamkulu ndinakhala mwini mbumba, munthu woyang'anira alongo ake ndi ana awo, amene mawu ake satsutsidwa chisawawa. Udindo umenewu ndi woteteza, koma ine ndinaumva ngati ufumu.

Mundawo sunali waukulu, koma unali wa mwanaalirenji. Pamwamba pake panali dothi lakuda lamakande, lokuya ngati mkono wa munthu, ndipo ndi limene linkagwira madzi kuti asalowe pansi. Kumbali ya mtsinje kunali mthumbira waukulu umene agogo athu anaumba kuti madzi osefukira azilowa pang'onopang'ono. Mpunga wa faya wochokera mmenemo ndi umene unkadyetsa ndi kuveka ana a Nachisale chaka chonse.

Tsiku lina m'mawa, atamaliza kukolola, ndinapita kukamuthandiza kukonza mthumbirawo. Khasu langa linapitirira makande n'kufika pa mchenga, ndipo mumchengamo ndinaona mizere yakuda bii, yonyezimira. Ndinatapa m'manja, ndinamva kulemera. Ndinabwereka beseni la mlongo wanga, n'kupita kumtsinje kukatsuka monga tinkachitira kumgodi. Mchenga woyera unapita ndi madzi, pansi pa beseni panatsala zakuda zokhazokha. Inu owerenga, mumtima ndinati tini uja ndi ameneyu. Ndinakumbukiranso zimene anthu anandiuza, kuti chaka chapitacho kunadutsa anthu a boma ofufuza miyala, anamanga matenti pafupi ndi mtsinjewo, anatapa mchenga m'timatumba n'kuchoka osanena kanthu. Ine ndinati kukhala chete kwawoko ndiye umboni. Sindinaganize n'komwe kuti mwina anakhala chete chifukwa panalibe chonena.

Ndinamuuza Nachisale kuti amayi anatisiyira chuma chimene iwo eni sankachidziwa, ndipo ndikufuna kukumba. Iye anati, “Achimwene, inu mwayenda, ine sindinayende. Koma dothi ili mukaliboola, madzi akhala pati?” Ndinaseka. Ndinamuuza kuti thumba limodzi la tini lingagule mpunga wa dambo lonse, kuti ana ake adzagona m'nyumba ya malata, ndi kuti nkhani za migodi si za amayi. Iye anangoti fodya wako ndi amene ali pamphuno, n'kutola beseni lake. Sanavomere, koma sanathenso kundikaniza, pakuti amene akanakam'dandaulira za munthu wowononga munda wake ndinali ine ndemwe.

Muyenera kudziwa mmene zinthu zinalili masiku amenewo a chipani chimodzi. Munthu wochokera kunja ankayang'aniridwa ndi diso lina. Ukalankhula mosasamala pamsika, mawa lake anyamata a chipani ankabwera kudzafunsa khadi, ndipo funso la khadi linkabereka mafunso ena. Ndinkaopa kuti zikamveka zoti ndapeza chuma chapansi, ena adzandilanda, kapena adzati ndikufuna kuzembetsa chuma cha dziko. Choncho ndinakonza zoti ndikumbe mwakachetechete, ndidzaze matumba makumi atatu, kenako ndikaonekere ndekha ku ofesi ya za miyala ku Zomba, aliyense adziwe kuti tini wa ku Nkhotakota anamupeza ndine. Anthu akandifunsa ndinkati ndikukumba ngalande zamakono zimene ndinaziona kunja. Ankagwedeza mitu mwaulemu, poti ndani angatsutsane ndi munthu wa jekete.

Ndinagulitsa wayilesi n'kugula piki, fosholo ndi wilibala. Kuyambira mu Ogasiti ndinkalowa m'dambo kusanatenthe, n'kutuluka dzuwa litapendeka. Ndinakumba maenje aatali, akuya mpaka m'chiuno, kuchoka kumtunda kwa munda kukafika kumunsi. Makande ndinkangowaponya paliponse, osakanikirana ndi mchenga, chifukwa kwa ine anali chivindikiro chabe. Kutunga madzi otsukira kutanditopetsa, ndinadula mthumbira wa agogo uja kuti mtsinje uzibwera wokha pamene ndinkagwirira ntchito. Ulesi sunali vuto langa, ndipo aliyense wa kwathu angakuuzeni. Manja anatuluka matuza, matuza anasanduka zikang'a, ine osabwerera m'mbuyo. Matumba ndinkawaunjika m'nyumba mwanga, n'kuwafunditsa mphasa.

Mwayi wopulumutsa mundawo unandipeza mu Okutobala, theka lake lisanakhudzidwe. Kunkabwera m'mudzi mwathu bambo wina wokhala pa boma la Nkhotakota, Msilamu, wokhoma ndowa ndi zidebe, amene tonse tinkangomutchula kuti a Fundi Hamisi. Ankayenda panjinga ndi nyundo zake, mvukuto ndi timitengo ta tini womatira. Tsikulo ankamata ndowa ya Nachisale pansi pa mtengo wa mango, ndipo mlongo wanga, chifukwa cha kuwawidwa mtima, anawanong'oneza zimene ndinkachita. A Fundi anandiitana mwaulemu, nati, “Bwana mkubwa, ine tini ndimagona naye, ndimadzuka naye. Tandipatsani kadzanja kamodzi ka mchenga wanuwo. Moto uli pompano, tiona ngati alire misozi yoyera.”

Ndinakana. Ndinawauza kuti mlongo wanga akulota, kulibe mchenga uliwonse. Mumtima ndinkati munthu womata ndowa zobooka angandiphunzitse chiyani ine amene ndaona mgodi weniweni, komanso ndinkaopa kuti akakafika ku boma nkhani ikafika pamsika iwo asanatsike njinga. A Fundi sanakangane nane. Anangoti, “Haya, Mulungu ndiye adziwa,” n'kupitiriza kupukusa mvukuto wawo. Atachoka ndinamukalipira Nachisale pamaso pa ana ake, kumunena kuti ndi wapakamwa, wofuna kundimangitsa. Pa zonse zimene ndinachita chaka chimenecho, mawu amenewa ndi amene amandiwotchabe ndikawakumbukira.

Mvula inayamba mu Disembala. Ndinakwirira maenje mothamanga ndi chilichonse chimene fosholo inatapa, ndipo Nachisale anawokera mpunga wake monga mwa chaka chilichonse. Koma madzi sanakhale. Mvula ikagwa m'mawa, pofika masana munda unkakhala utauma ngati bwalo, madzi onse atathawira m'mizere imene ndinakumba. Minda ya anzathu inali thithithi, wathu mpunga ukufiira. Kenako mu Malichi mtsinje unadzaza, unapeza khomo pamene ndinadula paja, ndipo unalowa ndi mphamvu zake zonse. Madzi ataphwa, munda wa amayi unali mchenga woyera kuchokera uku mpaka uko, nsonga za mpunga zikungosuzumira apa ndi apo. Nachisale anaima m'mphepete atagwira m'chiuno, sanalire, sananditukwane. Ndikanakonda akananditukwana.

Ngakhale pamenepo ndinali ndisanagonje. Ndinati matumba alipo, makumi awiri ndi asanu ndi limodzi, adzagula minda khumi. Koma mantha anali atayamba kundidya, ndipo ndinafuna munthu wondiuza kuti ndalondola ndisanapite ku Zomba. Ndinamanga kathumba kumbuyo kwa njinga, ndinapalasa mpaka ku boma, n'kuwapeza a Fundi Hamisi pa khonde lawo kuseri kwa msika.

Sanandikumbutse za mu Okutobala. Anandipatsa mpando, anathira mchenga wanga papepala, n'kutenga maginito amene anachotsa mu dayinamo yakutha ya njinga. Atangowayandikiza, mchengawo unadumpha n'kukakamira ngati ndevu. Anandiyang'ana, nati, “Tini sakwera maginito, bwana. Uyu ndi mchenga wachitsulo. Wadzaza gombe lonseli mpaka ku Ngala, amayi amakwechesera mapoto.” Kuti ndisatsale ndi chikayiko, anasakaniza wina ndi makala m'kachibade, anapukusa mvukuto mpaka thukuta linawatsika m'khosi. Moto utazirala, munalibe ngakhale kadontho koyera. Munali chibuma chakuda basi.

Pamenepo ndi pamene ndinakumbukira kuti shedi ija ya kumgodi, imene sindinalowemo, anzathu ankaitchula kuti kumaginito. Ntchito ya kumeneko inali yochotsa zakuda zachabechabe zimene ife otsuka tinkatumiza pamodzi ndi tini. Dzinalo ndinalimva zaka khumi ndi chimodzi, osafunsapo tsiku limodzi kuti maginitowo ndi a chiyani. Safunsa anadya phula, ine ndinadyetsa ndi ana a mlongo wanga omwe. Mayeso a maginito amene a Fundi anachita anatenga nthawi yochepa kuposa imene munthu amamwera tiyi.

Chaka chimenecho m'nyumba mwa Nachisale munalibe chokolola. Anayamba kuyenda m'minda ya anthu kusenda chinangwa kuti amupatseko makaka. Nthawi yozizira isanathe, anamanga katundu wake n'kutenga ana kupita ku Nkhunga, kwa abale a malemu mwamuna wake, kukapempha kachigawo kolima. Inu a kwathu mukudziwa tanthauzo lake. Mkazi amene ali ndi dothi la mayi ake sapita kukakhala mlendo kuchimuna mwamuna atamwalira kale. Potsanzika anandigwadira monga mwa mwambo, nati, “Tsalani bwino achimwene, musamale matumba anu.”

Anthu ena anandilangiza kuti ndibwerere kunja, manyazi aziziralira kumeneko. Ndinakana. Ndinati manja amene anakumba alipo, wilibala ilipo, ndipo sindidzachoka m'mudzi muno mpaka madzi adzaimenso m'munda wa mlongo wanga. Matumba aja ndinakawakhuthulira kugombe masana, aliyense akuona, kuti nkhani ya ngalande zamakono ithere pomwepo. Kenako ndinachita chimene ndinayenera kuchita pachiyambi. Ndinapita kwa amayi achikulire amene analima dambo limenelo moyo wawo wonse, ndinavula chipewa, n'kuwafunsa kuti munda wakufa chotere umadzuka bwanji. Anandiseka kaye mpaka kukhuta, ndipo anali ndi ufulu wotero. Atatha anandiuza kuti ndiyambe ndi mthumbira, ndichotse mchenga mpaka ndipeze makande akale, ndipo m'mizere imene ndinaboola ndithiremo dongo lonyowa, ndiliponde ndi mapazi ngati woumba njerwa, ndithirenso lina pamwamba.

Dongolo linali kutali, kumutu kwa dambo kumene kulibe mwini, ndi pa zulu ziwiri za kuseri kwa mudzi. Chaka choyamba chonse chinathera pa mthumbira ndi kuchotsa mchenga. Chaka chachiwiri wilibala inathyoka, ndinapitiriza ndi dengu pamutu, amuna anzanga akundiseka kuti mtchona wasanduka mtengwa. Jekete lija ndinalipinda n'kupanga nkhata. Mvula itagwa ndinkapita kukaima m'munda kuona pamene madzi akuthawira, n'kuzikapo kamtengo kuti chilimwe ndidzayambire pomwepo. Panali malo ena amene ndinawaponda katatu, katatu konse akudonthabe. Ndinkadya chinangwa cha m'kamunda kanga ka kumtunda, ndipo nsomba ndinkazipeza pothandiza kukoka makoka. Kukwatira ndinakuika pambali, pakuti sindinaone nkhope yokafunsira mbeta mlongo wanga ali kwa eni.

Chimene ndinaboola m'miyezi inayi chinanditengera zaka zisanu. M'chaka chachisanu, mvula ya mu Januwale itagwa, madzi anaima m'zigawo ziwiri mwa zitatu za mundawo masiku asanu ndi atatu osaphwa. Achule anabwerera. Ndinapalasa njinga kupita ku Nkhunga, ndipo kumeneko ndinaona zimene ndinachita. Nachisale anali ataonda, ankalima kamunda kamiyala m'mphepete mwa phiri, ndipo mwana wake woyamba, mtsikana amene aphunzitsi ankamutama, anali atasiya sukulu n'kukwatiwa kuti m'nyumba muchepe pakamwa. Ine mwini mbumba ndinagwada pakhomo pa eni, pamaso pa alamu ake, n'kupepesa. Ndinamupempha kuti angobwera adzaone.

Anabwera patapita masabata awiri. Analowa m'mundamo atakwinya chitenje, ali ndi ndodo m'manja, akubaya pansi apa ndi apo kuti amve ngati pali makande kapena mchenga. Anayenda mzere uliwonse umene ndinakumba, ngati anauloweza pamtima. Ine ndinali chilili pa mthumbira ngati mwana wodikira zotsatira za mayeso. Atafika kumapeto anatembenuka, nati, “Madzi aima. Ndibwera ndi ana. Koma achimwene, mumve: pa ukwati ndi pa maliro mawu ndi anu. Pa dothi ili mawu ndi anga.” Ndinavomera, ndipo mpaka lero sindinalumphepo mawu amenewo.

Inu owerenga, makamaka inu amene mwayendako n'kuona zinthu za kunja, mverani ine. Dziko lathu lili ndi miyala, ndipo sindikuletsani kuifunafuna. Koma musanaponye piki pamalo pamene pakudyetsa anthu, tengani kadzanja kamodzi mukaonetse amene amadziwa mbali imene inu simuidziwa, ngakhale akhale womata ndowa. Amene wakubisitsani chinthu kwa aliyense wotha kukuuzani kuti mwalakwa, kaya ndi mantha kaya ndi kunyada, ndiye mdani wanu. Ndipo inu amalume, eni mbumba, mlongo wanu akakhala chete musamati wavomera. Nthawi zambiri amakhala chete chifukwa mwambo wamutseka pakamwa, ndipo amene akanamulankhulira ndinu nomwe.

Nachisale anakolola m'munda mwake zaka zambiri, ndipo lero ukulimidwa ndi ana ake aakazi. Sukulu ya mwana wake woyamba sindinathe kuibweza, ndipo iye akandipatsa moni amandipatsa mwaulemu, koma sakhalitsa. Chigawo chachitatu chija, cha kufupi ndi mtsinje, chikadali mchenga pang'ono. Msana wanga sukulolanso dengu, choncho ndimanyamula dongo m'kandowa, kawiri m'mawa, kamodzi masana. Adzukulu amati ndisiye, akuti malo otsalawo ndi ochepa, sangadzaze ngakhale thumba limodzi la mpunga. Ndimawayankha kuti ndinawapeza akubala, ndipo ndikufuna kuwasiya akubala.